Chingwe Chinatsala pa Benchi

Blasius ankagulitsa zipangizo za mafoni pa Phalula, pa benchi ya matabwa atatu m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa mayi wa tomato ndi wootcha chimanga. Lamulungu lililonse ankapalasa njinga maola awiri kubwerera kwawo ku Utale kukaimba besi m'kwaya, ndipo anthu a kumeneko ankamukhulupirira monga timakhulupirira munthu amene timamuona akugwada.

Katundu watsopano chaka chimenecho anali mabatire a maginito. Kanali kanthu kosalala ngati sopo, ukangokayandikiza kumsana kwa foni kamamata kokha, kha! foni n'kuyamba kumwa moto popanda chingwe. Koma si foni iliyonse imene imamwa moto motero. Zotsika mtengo zimafuna chingwe basi, n'chifukwa chake m'kabokosi kalikonse munkabwera kachingwe kafupi koyera. Ogulitsa a mumsewu anali ndi chizolowezi chimodzi: kutsegula kabokosi, kusolola kachingweko, n'kukagulitsa pakokha. Blasius nayenso ankatero. Sankati ndi kuba. Ankati ndi geni.

Lachiwiri lina anafika mayi Maness a kumudzi kwawo, fumbi mpaka m'maondo, foni ataimanga pa nsonga ya chitenje.

"Mwana wanga Blasius, amuna anga a Goliati aja sakhalitsa. Achipatala atibweza kuti tikapemphere kunyumba."

"Ambuye atichitire chifundo. Ophelia akudziwa?"

Ophelia anali mwana wawo yekhayo, amene anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi ali ku Joni. Mapepala ake anatha kale, ndipo akanangodutsa malire sakanabwereranso ku ntchito imene inkadyetsa makolo akewo.

"Akudziwa, akungolira. Akuti zikavuta, ndimuonetse nkhope ya bambo ake pa vidiyo bokosi lisanatsekedwe, atsanzike. A Raymond, achimwene awo a odwalawo, anakana masiku atatu, ati nkhope ya maliro si yoyenda m'mafoni. Avomera dzulo, koma ati chithunzi ayi, aone pompo basi. Nanga kwathu kuja magetsi ali kuti? Ndiye akuti ndigule chosungira moto. Ine sindizidziwa izi, undisankhire ndiwe."

Blasius anatembenuza foniyo. Anaudziwa mtundu wake, wofuna chingwe basi. Komabe anatenga kamphete kachitsulo, anakamata kumsana kwake, n'kuyandikiza batire. Kha! Timagetsi tinayi tinayaka.

Mayi Maness anaseka, mwina koyamba mwezi umenewo. "Ii, yalumana yokha! Ufiti wa azungu uwu."

"Ikangoyamba kufooka, mumate chonchi."

Maso ake anapita pa msomali pamene pankalendewera tizingwe toyera. Nthawi yomweyo basi ya ku Lilongwe inaima, anthu akuitana pa mawindo, ndipo anzake anali atathamangira kale. Anati mumtima mwake, ndidzawapatsira Lamulungu kutchalitchi. Anathamanga. Pobwerera anapeza mayiwo atapita.

A Goliati sanafike Lamulungu. Anamwalira Lachisanu m'mawa, maliro Loweruka.

Blasius ananyamuka pa Phalula tambala atangolira, malaya oyera a kwaya m'jumbo, buku la nyimbo m'thumba. Za kachingwe anazikumbukira atawoloka dambo lachiwiri. Anaima, phazi limodzi pansi. Dzuwa linali litakwera, ndipo besi wina m'kwayamo munalibe. Mwina foniyo ili ndi moto wokwanira, anatero. Anapitiriza.

Sinali ndi moto wokwanira. Chiyambire Lachisanu inali ikulira osaleka, abale a ku Liwonde, a ku Ntaja, a ku Zomba, ndipo mayi Maness sanade nkhawa, poti batire inali itamata kumsana, timagetsi tikuyaka.

Mwambo wa mapemphero utatha, akatekisiti analengeza kuti ndi nthawi yoona nkhope. Adzukulu anatulutsa bokosi pakhonde n'kutsegula kumutu. Kwaya inayamba nyimbo ya ulendo wa kumwamba, amayi akuyankha pansi pa mtengo wa nsangu. Mayi Maness, awiri atawagwira m'khwapa, anakweza foni. Ophelia anaonekera pagalasi, atamanga duku lakuda, ali m'kachipinda kopapatiza.

"Amayi, ndikumva nyimbo. Sendezani, ndikuona denga lokha. Sendezani pansi, amayi!"

Galasi linada.

Mayi Maness anaigwedeza. Anachotsa batire, anaimatanso. Kha! Anachotsanso, anaipukuta pa chitenje, anamatanso. Timagetsi tinayi tinayaka mokhulupirika, foni ili zii.

"Blasius! Blasius ali kuti?"

Anatuluka mumzere wa kwaya, nyimbo ikupitirira yopanda besi. Anagwada pafupi nawo, anasindikiza batani, anachita zonse zimene munthu amachita akudziwa kuti sizithandiza.

"Alipo ali ndi chingwe?" anafuula.

Mphunzitsi wina anatulutsa chake m'chikwama, koma chinali chakale, kamwa lake losalowa. Blasius anatulutsa foni yake.

"Tiimbe pa yangayi. Nambala ya Ophelia ndi chiyani, amayi?"

"Ili m'menemo, mwana wanga. Ine ndimangogwira pa chithunzi chake."

Blasius anafunsa mbali ya amuna, anafunsa mbali ya amayi. Aliyense ankamudziwa Ophelia kuyambira ali kumsana, koma nambala yaitali ya ku Joni panalibe anaisunga pamtima. Anasolola simukhadi, anaiika mu foni yake, munalibe kanthu.

Mkulu wa adzukulu anayang'ana dzuwa. "A kwaya, manda ali kutali, ndipo thupi lagona kutentha kuyambira dzulo. Ife tinakumba m'mawa, sitinadye. Tikudikira netiweki kapena tikuika maliro?"

Blasius anatembenukira kwa a Raymond. "Bambo, ndijambule kamodzi kokha. Ndikamutumizira iye yekha, kenako ndifufuta."

"Iyayi."

"Bambo, chonde."

"Ndati iyayi. Chaka chatha nkhope ya mlamu wanga inafika m'magulu a mpira a pa foni. Mng'ono wanga sakhala choseketsa cha anyamata. Tinapangana kuti aone pompo. Walephera, ndiye kuti Mulungu sanalole."

Mawu amenewo anamulasa Blasius kuposa mkwiyo wa adzukulu, chifukwa ankadziwa kuti Mulungu wanamiziridwa. Mzere unayenda. Iye anadutsa pa bokosi limodzi ndi a kwaya anzake, chala chili pa batani, maso ali pa galasi lakuda. Kenako anamva nyundo.

Kumanda anaimba, koma m'mutu mwake munkazungulira nkhani ya m'Malembo ya munthu amene anagulitsa munda n'kubisa gawo lina la mtengo wake. Uja anagwa n'kufa pomwepo. Blasius anaimirirabe, wathanzi, akuimba besi, ndipo anthu ankati waimba bwino.

Lolemba m'mawa mayi Maness anafika pa benchi, mutu wometa, atakwera kabaza.

"Unditchajire, ndilankhule naye mwanayo. Koma usamuuze kuti ndinalephera kumata. Ndine mbuli ine, Blasius. Unandionetsa bwinobwino, koma manja anga awa amadziwa khasu lokha."

Blasius anatenga kachingwe pa msomali, analumikiza batire yomweyo ndi foni. Pasanathe mphindi zitatu galasi linayaka. Mayi Maness anayang'ana kachingweko nthawi yaitali.

Foni inalira. Mawu a Ophelia anali osasa.

"Amayi, chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani. Chimodzi! Zaka zonsezi ndikukolopa nyumba za anthu kuno, sindinakupempheni kanthu. Ndinakhala pansi m'chipinda muno ndikuimba, ndikuimba, mpaka dzuwa kulowa. Munaiwala kutchaja? Munapatsa ana aseweretse?"

"Pepa, mwana wanga, ndalakwa ndine."

Blasius anatambasula dzanja. "Amayi, ndipatseni."

Pagalasi anaona nkhope ya Ophelia yotupa ndi kulira.

"Achemwali, ndine Blasius, wa kwaya. Amayi sanalakwe. Batire ndinawagulitsa ndine, ndikudziwa kuti foni yawo simwa moto wa maginito. Imafuna chingwe. Chingwecho chinali m'kabokosi, ndinachichotsa kuti ndigulitse pachokha."

Wootcha chimanga anasiya kukupiza makala. Mayi wa tomato anayang'ana kumbali. Blasius anadikira kutukwanidwa, ndipo ankakufuna, monga munthu wa chithupsa amafunira mpeni.

Ophelia sanatukwane. Anapukuta mphuno ndi nsonga ya duku.

"Iwe unali pomwepo?"

"Ndinalipo."

"Unadutsa pa bokosi?"

"Ndinadutsa."

"Ndiye undiuze iweyo. Amayi akangoyamba kufotokoza amalira, sindimva kanthu. Anaonda kwambiri? Anawameta ndevu? Chipsera cha pachipumi chija chinkaonekabe? Pakamwa panali potseka bwino, ngati agona? Undiuze pang'onopang'ono, usadumphe kanthu."

Blasius anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu mwake. Anapezamo m'mphepete mwa bokosi, nsalu yoyera, mapazi a munthu amene anali patsogolo pake, ndi nkhope yake yomwe ikumuyang'ana kuchokera pa galasi lakuda.

Akanatha kupeka. Maliro onse amafanana, ndipo mawu otonthoza ankawadziwa ambiri.

"Sindinawayang'ane, achemwali. Ndinkayang'ana foni."

Ophelia anati, "Apatse amayi."

Mayi Maness analandira foni, batire ikulendewera pa kachingwe, anapita nayo kuseri kwa benchi, nakhala pansi pafumbi, msana atalozetsa kwa Blasius. Anawamva akuyamba: "Tinawaveka jekete la buluu lija unatumiza..." Kenako analira, ndipo sanathe kupitiriza.