Malonje a ku Bologna

Dainess Sakala anabwerako ku Ulaya ndi chimfine, mapazi otupa ndi bodza limodzi lokonzedwa bwino. Bodzalo analiyamba ali m'ndege, analisalaza m'basi yochokera ku Lusaka, ndipo pofika pa Katete linali litakhwima. Ankafuna kukauza mayi wina wamasiye kuti holo imene analankhuliramo inadzaza, anthu ena mpaka anachita kuimirira.

Dainess ankagwira ntchito yofufuza za mbewu. Kwa zaka zitatu ankapita kumudzi wina wa kunjira ya ku Tamanda, kwa a Simoni Mvula, mlimi amene ankasunga mitundu khumi ndi iwiri ya mtedza wamakolo, umene kumeneko amati nshawa, m'mitsuko yomata pakamwa. Zimene analemba za ulimi wa bamboyu zinalandiridwa ku msonkhano wa akatswiri ku Bologna, ku Italy, mzinda umene yunivesite yake yatha zaka pafupifupi chikwi. A Simoni atamva, anauza mudzi wonse, ngakhale pabwalo la tchalitchi misa itatha, kuti dzina lawo likupita kufupi ndi ku Roma. Tsiku lotsazikana anamugwira dzanja Dainess nati, "Mukabwerako, malonje muyambire kuno. Osalumpha kanthu."

A Simoni anamwalira Lachitatu, Dainess ali ku Bologna. Uthenga unabwera pafoni kuchokera kwa mlangizi wa kuderalo, ndipo maliro anaikidwa m'mawa mwake. Nthawi ya Dainess yolankhula inali Lachisanu, folo koloko masana, yomaliza pamsonkhano wonse.

Aliyense amene anapitako ku misonkhano yotere akulidziwa ola limenelo. Akuluakulu amakhala atakwera kale sitima, otsala ali m'tauni kujambulitsa zithunzi. Chipinda chimene anampatsa chinali chokongola mochititsa manyazi, denga lopakidwa zithunzi, mipando yamatabwa akale yokwanira anthu zana. Anabwera anthu asanu ndi mmodzi. Mmodzi anatuluka nkhani ili pakati, akukoka sutikesi yake yolira mawilo. Nkhope ya a Simoni inali kuonetsedwa pakhoma, yaikulu ngati chitseko, ikumwetulira mipando yopanda anthu.

Zimenezi n'zokauza mkazi amene wangoika mwamuna wake? Dainess anaona kuti ayi.

Anagona usiku umodzi kunyumba kwake ku Kapata, m'mawa n'kukwera njinga yamoto. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi likulowa m'mphuno zotsekeka kale. Munthu wofika mochedwa pamaliro amayenera kuyamba kulira asanalowe pabwalo, kuti anamfedwa amve kuti kwabwera wawo. Dainess anayesa, koma chimene chinatuluka ndi chifuwa. Chisoni anali nacho, chachikulu ndithu, koma thupi linali litatopa moti misozi inakana.

A Dolika, mkazi wa malemuwo, anali pamphasa kuseri kwa nyumba, mpango wakuda kumutu. Dainess anagwada, anapepesa, nakhala chete nthawi yoyenera. Kenaka anakonza pakhosi kuti ayambe.

"Amama, ine ndinayenda bwino. Titafika kuja..."

"Imani kaye, mwana wanga," anatero a Dolika. "Malonje amenewa si anga. Eni ake ali uko." Analoza ndi mutu kumsitu wa kumanda. "Mpaka Lachiwiri anali kufunsa, 'Kodi a Sakala akamba kale?' Ine ndinawalonjeza kuti mukafika ndidzakuperekezani, mukawauze nokha."

Dainess anayang'ana kumsituko. Bodza lake analisokera munthu wamoyo, wofunika kumutonthoza. Za kumanda sanaziganizireko.

Mlamu wawo wa a Dolika anawatsogolera mpaka polowera, iye n'kutsala pamthunzi. Mtumbira unali wadothi lofiira, mtanda wathabwa, nkhata zamaluwa zitafota kale. A Dolika anachita chizindikiro cha mtanda, anakhala pansi natambasula miyendo ngati munthu amene wabwera kudzacheza.

"A Mvula, alendo anu aja abwera. Kambani, mwana wanga."

Dainess anayambira kutali, monga achitira munthu woopa kufika. Anasimba za ndege ziwiri ndi maola asanu ndi awiri odikira pabwalo la ndege. Anasimba za misewu ya makonde aataliatali, yoti munthu n'kuyenda tauni yonse mvula ikugwa osanyowa, za nsanja ziwiri zanjerwa, ina yopendekeka ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe, za chakudya chimene sichikhala m'mimba. Anasimba za Lolemba, za Lachiwiri, za mapulofesa olankhula mothamanga ngati akuthawa ngozi. A Dolika ankavomera pang'onopang'ono, "Ee. Ee." Koma masiku a sabata ndi ochepa, ndipo Lachisanu linafika.

Dainess anayang'ana mtanda uja. Mawu onse anali okonzeka, holo yodzaza, anthu oimirira, m'manja mwa mphindi zitatu. Anatsegula pakamwa, koma analephera. Bambo ameneyu sanamunamizepo ngakhale kamodzi, ngakhale chaka chimene mbewu zake zitatu zinapsa ndi dzuwa.

"Bambo, anandiika kumapeto," anatero. "Anthu anali atapita. Anabwera sikisi. Mmodzi anachoka pakati. Anatsala faifi. Ndinakulonjezani zazikulu. Pepani."

Misozi imene inakana pabwalo ija inabwera tsopano, pamodzi ndi mamina a chimfine, zopanda ulemu n'komwe. Sanayerekeze kutembenuka kuti aone nkhope ya a Dolika.

"Faifi," anatero a Dolika patapita kanthawi. "Anthu ophunzira?"

"Ophunzira kwambiri, amama."

"Anamvetsera mpaka kumapeto?"

"Mpaka kumapeto. Wina anali kulemba."

A Dolika anaseka kaphwete kotopa, nagogoda dothi la mtumbira ndi chikhatho. "Mwamva, a Mvula? Faifi, mpaka kumapeto. Kuno mukangoyamba za nshawa zanu, aliyense anali kukumbukira kuti mbuzi sanamange."

Dainess anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Mtima unapepukako, ndipo poti anauzidwa kuti asalumphe kanthu, anapitiriza.

"Amene anali kulembayo ndi mayi wa ku Brazil. Anandifunsa funso, ine sindinathe kuyankha. Anati, n'chifukwa chiyani mtedza waung'ono wofiira uja bambo amaubzala mochedwa, milungu itatu ina yonse itamera kale? M'mabuku mwanga ndinalemba kuti amatero, koma chifukwa chake sindinafunse. Ndinamuuza kuti ndikafika kumudzi ndikafunsa eni ake, ndidzamulembera." Apa anatembenuka. "Inu amama mungadziwe. Munali kubzala nawo."

A Dolika anatola kachitsotso, anakathyola, anakathyolanso.

"Anali kundiuza," anatero. "Chaka chilichonse, tili m'munda momwemo, khasu lili m'manja. Zaka fote-thuu." Anayang'ana mtanda nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akufunafuna poyambira. "Ine ndinali kungoti ee, ee."

Mlamu uja anatsokomola kumthunzi, kuwakumbutsa kuti dzuwa lakwera. Palibe amene ananyamuka.