Mzere Wachinayi

Lolemba limenelo Tchima anali ndi ntchito zake za nthawi zonse: kudikira wogulitsa madzi, kusinja mapira, kuchapa matewera a mwana wake Nana, kuponyera mbuzi makoko a nyemba, kenaka kupukuta m'chipinda cha makina. Fumbi la ku Zinder silidziwa zoti pakhomo pagwa maliro.

Mwamuna wake, Laouali, ankajambula nyimbo za oimba a pa maukwati m'chipindamo. Patapita masiku makumi anayi chimuikireni m'manda, kaseti yake yomaliza inali idakali m'makina ojambulira. Popukuta, nsalu inakankha batani.

Gitala inalira. Mawu a Laouali anatuluka, akuimba nyimbo yomwe ankapekera Nana. Pansi pake pankamveka kaphokoso kobaya m'makutu ngati nkhululu. Kenaka, pakona, kabokosi kakuda koimba ng'oma kanayatsa kadiso kofiira n'kuyamba kugunda kokha, palibe wokakhudza.

Tchima anaimitsa tepi. Ng'oma zinaima. Anayatsanso. Zinayambanso, pomwepo ndendende, ngati wina wakhala pakonapo akudikira.

Sanakuwe. Pa Chisilamu, mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo ng'oma siziyenera kumveka pakhomo pake. Anaganiza msanga: kamene kakuitana zinthuzi ndi kankhululu aka. Makinawo anali ndi mizere inayi yojambulirapo mawu pa tepi, ndipo ankaona mwamuna wake akufufuta mzere umodzi n'kusiya inayo. Anapeza kuti kaphokosoko kali pa wachinayi, naufufuta wonse. Atayesanso, pakona panali zii.

Mawa lake kunabwera Hajiya Delu, woimba wa mawu okhuthala amenenso anali mwini kabokosiko.

"Lachisanu ndikutenga kabokosi kanga, mwana wanga, ndili ndi ukwati ku Maradi. Tiye tiike ng'oma pa nyimbo ya malemu, ndisanalowetsemo zanga."

"Kodi ng'omazo sizili pa tepi, Hajiya?"

"Zili m'mutu mwa kabokosika. Tepi ili ndi chingwe chokha chozikokera. Tayatsa."

Tchima anayatsa. Kabokosi kanangokhala duu. Hajiya anakweza mzere wachinayi, namvetsera, kenaka namuyang'ana.

"Kaluzu kaja kali kuti?"

"Ndinakachotsa. Ndimayesa ndi iwowo akubwera."

"Laouali? Munthu woti ali moyo ankachedwa ndi ku mapemphero a Jumu'a komwe, lero azifika pa nthawi yake?" Hajiya anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Wadula chingwe, mwana wanga. Tsopano uzikoka ndi dzanja."

Anamusonyeza batani loyambitsira ndi kogudubuza liwiro, n'kumapita.

Masiku atatu Tchima anakhala pamkeka zitseko zili zotseka, mahedifoni ali kumutu, Nana ali kumsana. Ankajambula ng'oma pa mzere womwe anafufuta uja. Akayamba bwino, pofika pakati ng'oma zinkathamanga kumusiya Laouali m'mbuyo. Akachepetsa liwiro, Laouali ndiye ankazithawa. Magetsi akafooka tepi inkakoka mwendo, mawu aja n'kunenepa ngati a munthu wolankhula ali pansi pa nthaka. Ankabweza tepi n'kuyambiranso.

Pofika Lachinayi anali atasiya kuwerenga kugunda. Ankamvetsera mpweya. Laouali ankapuma kawiri asanayambe vesi iliyonse, monga ankachitira akafuna kupempha chinthu chimene akudziwa kuti akanizidwa. Akangomva kupumako, chala chinkasuntha chokha.

Masana a tsikulo zinagwirana kuyambira poyamba mpaka pothera. Mawu anatha, gitala inatha. Ng'oma sizinathe. Zinapitirira zokha, ndi timagulugudu tosonyeza polowera woimba, vesi yathunthu yomwe Laouali anaikonzera malo koma sanaiimbe. Tchima anaika chala pa batani loimitsira. Kumsana Nana anali atadzuka, akugwedeza mutu. Tchima anachotsa chalacho mpaka kabokosi katamaliza kokha.

Lachisanu Hajiya anamvetsera ataweramitsa mutu.

"Kumapetoku tidule?"

"Ayi, Hajiya. Zisiyeni."

Hajiya anakulunga kabokosi m'nsalu n'kukapanira m'khwapa.

Zonse pamodzi zinadya masiku atatu, mapira onyikidwa amene anasasa osasinjidwa, thewera limodzi limene mbuzi inatafuna pachingwe, thuza pachala, ndi mzere wachinayi umene Laouali anajambula ndi dzanja lake, womwe sungabwerenso. Kasetiyo Tchima anaiika m'chitini cha mkaka, pamwamba pomwe Nana sangafike mpaka atakula.