Mchombo wa Ismay

Msonkhano wa penshoni unachitika Lamlungu mapemphero atangotha, m'holo ya tchalitchi ku Gingerland, pachilumba cha Nevis. Ismay Claxton, amene anakalambira m'khitchini ya sukulu akuphikira ana a eni, anakhala pabenchi mtima uli m'mwamba.

Elroy Maynard, wa gulu lofuna kuti Nevis idziimire payokha, anali munthu wokonda kumva mawu ake omwe. "Tatopa n'kupempha kutsidya ku St Kitts!" anatero. "Penshoni tikufunayi ikhala ya ana a chilumba chino basi. Akutsidya akadye kwawo."

"Nanga mwana wa pano mumudziwa bwanji?" mayi wina anafunsa.

"Mchombo, amayi! Aliyense aimirire, atiuze mtengo umene anakwirirapo mchombo wake."

Anthu anaseka, koma Ismay sanaseke nawo. Mchombo wake unali kutsidya, patsinde pa mtengo umene iye sanauonepo. Mayi ake anawoloka nyanja ali ndi makanda awiri, mapasa, Ismay ndi mlongo wake Cuthbert. Tsopano mawondo a Ismay anali atatha, ntchito sakanaithanso. Popanda penshoni akanadya chiyani?

Anthu ankaimirira mmodzimmodzi. Uyu bwemba, uyu kokonati, uyu peyala la kumunda kwa agogo. Itafika nthawi ya Ismay, pakamwa panangotuluka bodza: "Mango wa kuseri kwa sukulu yakale."

Wina anatsokomola kumbuyo. Ismay atacheuka, thukuta linangoti kamukamu. Cuthbert! Munthu wosaponda kutchalitchi, lero anadzatani? Gingerland yonse inkadziwa kuti Cuthbert ndi wakutsidya, poti akalawa mowa ankadzitama nazo yekha pamsewu. Mantha anali atamuiwalitsa Ismay zimenezi.

Elroy anamwetulira. "Koma ziliko! Mapasa, wina mchombo pano, wina kutsidya kwa nyanja? Bambo Cuthbert, tatithandizani."

Ismay anazyolika, akudikira kuti anthu amene ana awo anawadyetsa ayambe kumukuwiza.

Cuthbert anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. "Mapasa ake ati? Tandiyang'anitsitsani, chinkhope changa choipachi chikufanana ndi yake? Uyu ndi wanu, wa pano. Mayi ake atamwalira, amayi anga anangomutola n'kumulera. Ine ndi iye palibe ubale."

Anthu anaphulika kuseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Ismay yekha anamva ngati amuthira madzi ozizira. Munthu amene anayamwa naye bere limodzi anali atamukana pagulu kuti Ismayyo adye penshoni.

"Ndiye inu, bambo, msonkhano uno si wanu," anatero Elroy.

Cuthbert anavala chipewa n'kuyamba kutuluka. Akudutsa pabenchi, Ismay anamugwira malaya. "Cuthbert, iwe, tadikira..."

Maso onse anali pa iwo. Cuthbert anachotsa dzanja lija mofatsa, n'kumulankhula mwaulemu umene munthu amapatsa mlendo.

"Pepani, Mayi Claxton. Khalani ndi abale anu."