Nthenga za Phiko Lamanja

Godwin anagwetsa uta pansi n'kulowetsa chala m'kamwa. Muvi unali utalasa ndithu thunthu la nthochi kuseri kwa khola, koma podutsa unamucheka pachala chimene unatsamira.

"Uwunso chimodzimodzi," anatero atalavula. "Abambo maso anali atatha. Mtolo wonsewu nthenga zake n'zolakwika."

Mng'ono wake Mayankho anali chiimire pakhonde, chikwama chili kale paphewa. Bambo awo, a Yohane, anaikidwa Lachiwiri, ndipo maliro atatha amalume anagawa katundu wa malemu. Ukonde ndi uta zinapita kwa Godwin, amene anakhala pamudzi n'kumadwazika matenda. Atafika pa Mayankho, amalume anakanda m'mutu n'kumupatsa jekete. Palibe amene anadabwa, chifukwa munthuyo anafika kuchokera ku Lilongwe bokosi litatuluka kale m'nyumba.

Mayankho anabadwa wamanzere, ndipo a Yohane zinkawawawa ngati kuti mwanayo anachita dala. Akatambasula dzanja lamanzere polandira chinthu, ankalimenya. Pa mivi ndiye panavuta kwambiri. Kuchokera ku Khombedza mpaka ku Senga Bay anthu ankaidziwa mivi ya a Yohane: alimi ankagula yopirikitsira anyani, ogulitsa ziboliboli ankagula yoti alendo akapachike m'nyumba zawo. Lamulo la mkuluyo linali limodzi. Nthenga zonse za pamuvi zichokere ku phiko limodzi la nkhanga, ndipo phikolo likhale lamanzere, chifukwa nthenga zake zimapindikira kutali ndi chala cha wogwira uta. Phiko lamanja ankaponyera agalu. Kwa munthu wokoka ndi dzanja lamanja lamuloli linkagwira ntchito. Koma Mayankho akabisala kudambo n'kukoka ndi dzanja lake, nthenga zomwezo zinkamusenda chala, ndipo pofika kunyumba magazi ankamuulula.

Tsiku lina, ndevu zitayamba kale kumera, anapempha pamaso pa alendo kuti amupangire mivi yomuyenera. A Yohane anayankha kuti uta wawo sukokedwa ndi dzanja lamwano, alendo n'kuseka. Mayankho anapita ku Lilongwe kukaphunzira zowotcherera zitsulo, ndipo kumeneko palibe ankafunsa dzanja logwirira nyundo. Ankaimbira foni amayi okha. Atamva za matenda anati abwera mwezi ukatha, utatha anati winawo. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo iye anauyang'anira mpaka unalowa.

Tsopano Godwin ankati mawa kubwera a Saidi a ziboliboli kudzatenga mivi yotsala, ndipo iye sangalole kuti dzina la abambo lichite manyazi ndi ntchito yaukalamba. Nthenga zonse zichoke, amangenso zina. Mayankho anatula chikwama. Minibasi pamsewu sizitha, ndipo ankafunitsitsa kugwirako ntchito ngakhale imodzi pakhomo pamene sanagwirepo kalikonse. Godwin anakazula mivi imene anayesa ija, ndipo awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi mpeni wake, n'kuyamba kudula ulusi ndi kusadzula nthenga.

Manja a Mayankho ankapita msanga, koma mtima unkakayika. Ulusi unali wokulungidwa molimba, mizere yake yolondolana bwinobwino, phula lopakidwa mosamala. Mivi ina inali yakuda ndi mwaye wa kudenga, ina bango lake likadali loyera. Ananena motsitsa mawu kuti ntchitoyi sikuoneka ngati ya munthu wosaona.

"Ukanakhalapo ukanaona mmene ankapapasira kapu ya madzi," anatero Godwin osadzutsa mutu.

Mawuwo anamulasa Mayankho. Anatola muvi wina.

Amayi awo, a Eveles, anali atapita kukabweza mapoto amene anabwereka kwa azimayi a mvano. Pobwera anaima pafupi ndi nkhokwe, maso ali pansi. Nthenga zamawangamawanga zinali mbwee pabwalo, mphepo ya mwera ikuzikankhira kukhola, nkhuku zikuzijompha n'kuzisiya. Anafunsa kumene mtolowo wachokera. Godwin anati anaupeza kudenga la kuchipinda, wokulungidwa m'thumba la feteleza, ndipo anayamba kufotokoza za a Saidi. A Eveles sanadikire kuti amalize. Anakhala pansi pomwepo, padothi, miyendo ili tambalale.

"Chichokere iwe, Mayankho, ndikapha nkhanga bambo ako ankati phiko lamanja ndisapatse galu."

Anasimba pang'onopang'ono, akusalaza chitenje pamaondo. Akuti mkuluyo ankadikira kuti Godwin apite ku Mbenji kukapha nsomba, kenako ankazemba kuseri kwa khola n'kumakoka uta ndi dzanja lamanzere. Zinali zoseketsa, munthu wodziwika dera lonse kumaphonya nthochi yonse ngati mwana. Anadzicheka chala kangapo, akusintha nthenga uku ndi uku, mpaka anapeza zimene sizicheka. Kuyambira pamenepo, kukangomveka kuti mwina Mayankho abwera pa Khirisimasi, ankamanga muvi umodzi kapena iwiri n'kukweza kudenga. Khirisimasi ikadutsa sankanena kanthu, ankangopita kukasoka ukonde.

"Ndinkawauza kuti muimbireni foni mwanayo, mumuuze. Ankati ayi, akabwera aona yekha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Inenso ndinangokhala chete, poopa kuwalanda mawu awo. Ndimati ndikupatsa lero popita."

Godwin anayang'ana chala chake chochekedwa chija kwa nthawi yaitali. Mayankho ankangomva chisoni chikumukwera, chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, chifukwa mkuluyo anali wouma pakamwa mpaka kumanda, ndipo iye anatengera komweko. Anthu awiri anakhala akudikirana, wina kudenga kuli mivi, wina m'thumba muli foni. Anayang'ana m'manja mwake. Pa mtolo wonse uja panatsala muvi umodzi, ndipo nsonga ya mpeni inali italowa kale pansi pa ulusi.

Anausolola mpeniwo mosamala n'kuuika pansi.

Godwin anadzuka, anatola uta, anaupukuta mchenga ndi malaya ake n'kumupatsa. Sanatchulenso za a Saidi. Mayankho anapita kuseri kwa khola, pamene udzu unali wothothoka ndi mapazi a munthu amene ankaimapo kawirikawiri. Anagwira uta ndi dzanja lamanja, anatsamiritsa muvi pachala, n'kukoka ndi lamanzere, amayi ake ndi mkulu wake akuona. Zaka zinali zitapita osakoka uta. Muvi unadutsa pambali pa nthochi n'kukagwera m'munda wa chinangwa.

Sanauthamangire. Anatsitsa uta n'kuyang'ana chala chimene muvi unatsamira. Panali chipsera chakale chokha, chija cha kudambo. Nthenga za abambo ake zinali zitadutsa osamukhudza.