Chimene Chinapha Galimoto ya Che Twaha

Che Twaha dziko analiyenda ndi mapazi awo. Ku Chinde anagulitsako mchere, ku Beira anasenzako zitsulo za njanji, ku Halale anasokako malaya, ndipo zonsezi ankazinena okha kwa aliyense wokhala ndi makutu. Koma chimene chinamveketsa dzina lawo pa Njuli ndi galimoto imene anagula kwa mzungu wina wolima fodya, amene ankapita kunkhondo ya Ajeremani. Inali yakuda bii, nyali zake zamkuwa, kulira kwake ngati mvula ya matalala padenga la malata. Ikamadutsa, amayi ankatula nkhuni pansi kuti aione bwino.

Pamsika, anthu ali mbwee, Che Twaha analengeza kuti apongozi awo, Abiti Halidi, adzapita ku ukwati wa mdzukulu wawo ku Likoswe atakwera galimotoyo. Njuli yense anamva, Likoswe yense akudikira.

Ndiye tsiku lina, pochokera kwa apongoziwo kumene anakasiya mchere, galimoto inayamba kubuula pachitunda. Kutsogolo kunatuluka nthunzi, kenaka phokoso loti khe! Basi zii. Anapukusa chitsulo choilizira mpaka phewa kuwawa, koma ayi ndithu. Anthu anaikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango pasitolo pawo.

Alamu awo a Asumani anafika ndi nzeru zawo.

"Alamu, itanitsani injini ina kutsidya kwa nyanja. Si paja mumati oyendetsa sitima onse ndi anzanu?"

"Ndi anzangadi! Koma sitima zonse zanyamula mfuti chaka chino."

"Ndiye gulitsani. Mmwenye uja wa ku Limbe watumiza mawu. Akuti aitenga momwe ililimu, fundi wake, mmisiri wa injini, akaitsegula yekha. Inu mugule bulu, bulu satuluka utsi."

Che Twaha za buluyo analibe nazo ntchito. Chimene chinkawadya mumtima ndi china. Petulo analimo, mafuta analimo, madzi anathira okha m'mawa. Nanga chinaipha nchiyani? Munthu woti anaonapo m'mimba mwa sitima ya pa Zambezi angagulitse chinthu chakufa osadziwa matenda ake?

Anavula mkanjo, anatenga sipanala, nayamba kumasula. Chitsulo chachikulu cha injini chinali chitang'aluka ndi kutentha. Apo anamvetsa kuti madzi oziziritsa sanayende. Koma chifukwa? Atatsegula thanki ya madzi ya kutsogolo, anapisamo kamtengo. Kanatuluka katamatira zinthu zofiirira, zolimba ngati phala logona. Ananunkhiza. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka analawa.

Chimera. Mapira. Linali thobwa, ndipo lophika bwino.

Akadali chilili ndi kamtengo m'manja, akazi awo a Sakina anatulukira kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Tatu, amayi abwera kudzazonda."

"Kudzazonda ndani?"

"Wodwalayo."

Mwa mwambo, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Choncho Abiti Halidi anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, Che Twaha anatembenukira kumtengo wa mango, ndipo a Sakina anaima pakati kunyamula mawu, ngakhale onse ankamvana bwinobwino.

"Uwauze bambo a Tatu kuti pepani ndi matendawa," anatero apongozi. "Koma uwafunsenso, mlendo amamusunga choncho? Ine maso ndili nawo. Chiibweretsere, amaimwetsa madzi okhaokha ngati mkaidi wa ku boma. Yafika pakhomo panga ili wefuwefu, thupi lonse moto. Iwo ali kumsikiti, ine ndinatsegula pakamwa pake paja, nkuipatsa chipanda chathunthu. Inamwa osatsala ndi dontho. Njala imeneyo! Mwina ndinachedwa nayo."



Che Twaha anayang'ana kamtengo kaja. M'maulendo awo onse anamvapo za galimoto yogwera mumtsinje, ina yogundidwa ndi njati. Koma yofa ndi ulemu? Imeneyi ndi yawo yokha pansi pano! Lilime linkawayabwa kuti akasimbe nkhaniyi pamsika. Koma akaigulitsa, fundi wa ku Limbe akatsegula thanki, akapeza phala, ndipo mwezi usanathe dzina la Abiti Halidi lidzakhala nyimbo ya pamtondo kuyambira Limbe mpaka Nchema. Kuikonza sikukanatheka ukwati usanafike. Ndipo mawu aja anali atanenedwa kale pamsika.

Anaponya kamtengo patchire.

"Uwauze amayi kuti mlendo wathokoza. Akuti thobwa ngati limenelo sanalimwepo ngakhale kwawo ku Ulaya. Wangokhuta kwambiri, mtima wake ukufuna kupuma. Koma ku Likoswe apita."

Mawa lake anachotsa injini yonse, naigoneka pakhonde, naifunditsa chiguduli. Mmwenye anamubwezera mawu kuti galimoto ya Twaha sigulitsidwa. Kenaka anaitana amuna onyamula anthu pa machila, aja amene ankawatukwana kuti galimoto yawalanda ntchito. Anabwera akuseka, anamanga zingwe kutsogolo, nayesa kukoka. Popanda injini inali yopepuka ngati dengu.

Tsiku la ukwati Abiti Halidi anakhala kumbuyo, nsalu yatsopano kumutu, a Sakina atagwira chiwongolero mano ali gwa. Amachila anayambitsa nyimbo, galimoto nkumaseseleka kutsika ku Likoswe, yopanda utsi, yopanda kubuula. Che Twaha ankayenda pansi chapatali kumbuyo, monga ayenera mkamwini, akugawa moni mbali zonse.

"Alamu," anatero a Asumani, "galimoto yanji yokokedwa ndi anthu?"

"Inu simunayende, alamu. Za azungu zimatsokomola. Yanga ikuimba, simukumva?"

Atafika, eni ukwati anatulutsa mtsuko wa thobwa kulandira alendo. Abiti Halidi anatunga chipanda choyamba, nalunjika nacho kutsogolo kwa galimoto. Che Twaha anayang'ana kumbali mwaulemu.

"Asiyeni," a Sakina ananong'oneza amuna awo. "Lero imwe mmene ingathere."