Ngongole ya Dizilo

Ine Laxon Kondanani palibe geti linandikanapo. Pa Beitbridge ndadutsa ndi mbuzi zamoyo, pa Nyamapanda amandidziwa ndi dzina. Ndinabadwira m'komboni pafamu ya fodya ku Macheke, koma lero malole anga ndi atatu. Choncho mlongo wanga Genoveva atabwera akulira, ndinangoti, "Kwera, tipite."

Mwana wake Celestina, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali kumalo osungirako ana olakwira malamulo. Anatema ndi khasu kapitawo amene anamupatsa mimba. Atabereka kuchipatala, m'mawa mwake anamubwezera komweko ndi khanda lake.

Tinamupeza pabenchi akunjenjemera, dzuwa likuswa mtengo. Ananong'onezana ndi mayi ake, kenako Genoveva anandikokera pambali.

"Achimwene, magazi sakuleka, thupi ndi moto. Kunyumba ndikanamuthowa ndi madzi otentha. Kuno akusamba apampopi."

Ndinalunjika kwa matroni woyang'anira malowo.

"Tikudziwa, baba," anatero. "Nesi anati apite kuchipatala, koma galimoto yathu ilibe dizilo. Tinapempha, tikudikira."

"Lole yanga ili panjapa."

"Mwana wa m'manja mwa boma sakwera galimoto ya munthu wamba."

"Ndiye dizilo ndipereka ine!"

"Mphatso imafuna chilolezo cha akuluakulu. Sichibwera lero."

Ndinakalipa. Ndinatchula mabwana onse amene ndinadyapo nawo. Mayiyo anandimvetsera mpaka ndinatha, maso ali ofiira, n'kunena kuti matewera a khandalo anagula yekha.

Dalaivala wawo Jameson, amene ankakukuta chimanga chootcha pakhonde, anandikodola.

"Mudhara, choletsedwa ndi mphatso. Koma munthu akamabweza chomwe anabwereka, timalandira."

"Ndinabwereka liti ine?"

"Chaka chatha, lole yanu itazima pamsewu wa ku Mutare. Mwaiwala? Munagwada, ine n'kukupoperani."

"Iwe, ine sindinabwerekepo ngakhale machesi!"

"Basi, mwana wa mlongo wanuyo adikire."

Ndinacheuka. Celestina anali atatsamira khoma, khanda likulira, iye osatha kulinyamula.

"Ndinabwereka," ndinatero chapansipansi.

"Kwezani mawu, baba, mboni zimve," anatero matroni.

Ndinakuwa pamaso pa ophika, mlonda ndi atsikana odzaza pawindo: "Ine Laxon ndinabwereka dizilo wa boma!"

"Zogwada zija?" anafunsa Jameson.

"Ndinagwadanso!"

Ndinapopa dizilo m'thanki yanga ndi payipi kuthira m'zigubu zanga ziwiri, wina n'kundilowa m'kamwa. Galimoto yawo inatuluka itanyamula Celestina, ine pambuyo ndi lole yopanda kanthu. Kuchipatala anamuchotsa zotsalira m'chiberekero, adokotala n'kutikalipira ife achibale kuti tinachedwa naye. Ife!

Celestina anachira, khanda likuyamwa. Koma mlonda uja kwawo ndi ku Macheke, ndipo pano komboni yonse ikuti Laxon amagwadira dizilo m'misewu. Ngongole imene sindinatengeyo ndinabweza yonse, malita makumi anayi, Jameson n'kunenetsa kuti zigubu nazonso zinali zawo.