Chikwama Chachikulu N'cha Ndani?

A Dalaivala anaima m'sitolomo kukamwa kuli yasa. Khoma lonse zikwama zokhazokha, chilichonse malamba lendelende ngati matumbo a mbuzi. Abale inu, chikwama chimodzi malamba onsewa n'ngachiyani?

Mwana wawo wamkazi, nesi wosasekerera zibwana, anali atanena poyera: "Loweruka tikwera phiri limodzi, koma msana wanuwo ukangodandaula, mutsala." Chimwalirireni mayi ake, mwanayu anali asanawaitanepo kulikonse. Kutsala ndiye ayi.

"Ndipatseni chachikulu chijacho," anauza mayi wogulitsa.

"Mukagona masiku angati kumeneko, bambo?"

"Kugona? Kuphiri amagonakonso?"

Mayiyo anangowatembenuza n'kuyamba kuwayeza msana ndi tepi, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno. Munthu wabwera kudzagula chikwama, akumuyeza ngati akusoketsa suti! Atatero anatenga timatumba ta mchenga n'kumaponya m'chikwamamo.

"Mchengawu ndigulanso?"

"Ayi, n'ngongoyesera kulemera. Mangani kaye lamba wa m'chiunoyo. Katundu amakhala m'chiuno, osati m'mapewa."

Apa ndiye mutu unaima. Chibadwire chawo katundu ankasenzera paphewa, lero chiuno chalowa bwanji? Anakoka lamba wina, chikwama chinakwera kunkhongo. Anakoka wina, chinawafinya pachifuwa. Msana unalasa kamodzi, iwo phwii pabenchi, n'kumamwetulira mwachinyengo.

Nthawi yomweyo nesi uja analowa, akadali mu yunifomu.

"Ababa, chonsechi mukaikamo chiyani?"

"Zako ndi zanga. Iwe ukayende wopepukidwa."

"Taimirirani ndione."

Anayesa. Chikwama chinakana. Anayesanso atagwira bondo, thukuta kamukamu, koma chinawakokera pabenchi pomwepo. Mantha anawagwira: basi, ulendo wathera m'sitolo.

Mwanayo anawamasula malamba onse, n'kuchibereka yekha chikwamacho. Anakoka apa, n'kukoka apo, chinangoti khathi pamsana pake, mchenga ndi mchenga womwewo. Kenako anatsitsa kena pakhoma, kakang'ono ngati ka mwana wa sukulu.

"Aka n'kanu. Madzi ndi juzi, basi."

A Dalaivala anayang'ana kachikwamako, n'kuyang'ana wogulitsa, n'kuyang'ananso mwana wawo.

"Ndiye kuti bwanji? Ndikupita kapena ndatsala?"

"Mukupita, ababa. Koma wonyamula ndine."

Anakagwira ndi zala ziwiri, osadziwa kuti aseke kapena alire. Anafuna kufunsa kuti zimenezi zinasintha liti, koma mwanayo anali atatambasula kale dzanja kuti awadzutse.